Musagwetse khomo lakuseri

Pafupi ndi pamene ndimachita lendi kuno ku Joni, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg, pali kalabu yakale ya masewero a bowls. Sabata yatha apachika chikwangwani pampanda pake: malowa agulitsidwa, pamangidwa nyumba zogona. Nditaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp, mayankho anagwa ngati matalala. "Aigwetse basi, za azungu izo." Wina: "Aise, anthu akugona asanu chipinda chimodzi, iwe ukulirira kapinga?" Ndakhala ndikukuyankhani chamumtima. Lero ndiyankhe poyera: mukulakwitsa.

Kwa amene simunawaonepo masewerowa, amagubuduza mipira yolemera yomwe siyenda mowongoka, imakhota, kuti ikaime pafupi ndi kampira kakang'ono kotchedwa jack. Bwalo lake ndi la kapinga wometedwa mpala, wosalala ngati tebulo, mamita osaposa 40 mbali iliyonse. Kwawo ndi ku Britain. Ku Southampton kuli bwalo lomwe akhala akuseweramo kuyambira 1299, ndipo pa masewero oyamba a mayiko a Commonwealth mu 1930, bowls inalipo. Kumene Mngelezi anakhazikika, ankafika ndi mbendera, tiyi ndi bwalo ili.

Ndiye sindikutsutsa kuti kalabuyi inali ya azungu. Lamulo la 1953 losiyanitsa malo a azungu ndi a anthu akuda linafafanizidwa mu 1990, dzulodzuloli. Munthu wakhungu ngati langa sakanakhala pakhonde limenelo n'kuitanitsa chakumwa. Koma dzifunseni, eti kapinga uja ankadzimeta yekha?

Ndinadziwana ndi madala ena a ku Mzimba amene akalambira pabwalo limeneli. Anafika ali mnyamata, lero mutu wonse ndi imvi. Amadzuka kusanache kukachotsa mame, kumeta, kuthirira, kudutsitsa chigudumu cholemera kuti nthaka ikhale yosalala. Tsiku lina anandilowetsa m'nyumba ya kalabuyo. Kukhoma kuli matabwa aataliatali olembedwa mayina a akatswiri ndi utoto wagolide, chaka ndi chaka. Ndinawafunsa, "Nanga dzina lanu lili pati, madala?" Anaseka, n'kunditengera kuseri kwa khitchini. Kuli kakhomo kopapatiza, sitepe yake ya simenti inadyeka pakati ndi mapazi. "Langa ndi ili, mwana wanga. Tinkalowera apa, tiyi tinkamwera apa, m'chitini."

Padutsa khasu sipanama. Mayina agolide aja mungawajambule pa foni, mungawasunge m'bokosi. Koma sitepe yodyeka ija siinyamulika. Kuti umve zimene ikunena uyenera kuimapo, uone kutalika kwa mtunda wochoka pamenepo kukafika khomo lakumaso, ngakhale ndi mapazi makumi awiri okha. Mukagwetsa nyumbayi, azungu sataya kanthu, mbiri yawo ili m'mabuku. Amene afufutike ndi madala aja, pamodzi ndi anzawo onse a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe amene anasamala mabwalo a mzinda uno popanda wowalemba dzina.

Eni dziko lino nkhani imeneyi amaidziwa. Ndende ya Old Fort, mmene anatsekeredwamo Gandhi ndi Mandela, sanaisalaze yonse. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko analimanga pomwepo, n'kulitsegula mu 2004, ndipo njerwa zina za khotilo ndi za ndende yomweyo. Mukuganiza kuti ankaikonda ndendeyo? Ayi. Anaisunga chifukwa ndi mboni. Cholowa sichikhala chokoma chokhachokha. Mboni saipha chifukwa choti yanena zowawa.

Za nyumba zogona mwanena zoona, anthu akuvutika. Koma tisanamizane. Nyumba zimene zimamangidwa pamalo oterewa zimakhala za mpanda wamagetsi ndi mlonda pageti. Iwe wogona asanu chipinda chimodzi udzalowamo ndi chani? Udzalowamo ndi tsache, aise, kudzera khomo lakuseri latsopano. Chikhalirecho pakati pa tauni pali nyumba zosanja zosiyidwa zimene zikungowola. Bwanji osayamba ndi zimenezo?

Mamembala otsala a kalabuyi nawonso ndili nawo mawu. Ena akufuna nyumbayi isungidwe kuti zonse zikhale monga zinalili, iwo okhaokha atavala zoyera, akukumbukira masiku awo okoma. Zimenezo ayi. Kalabu ikufa chifukwa munachedwa kutsegula geti. Tsegulani. Ana a m'dera lino aphunzire bowls. Pakhonde paikidwe bawo. Holo ija tizibwereka pa zinkhoswe, komanso tikamasonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, m'malo mokumana pansi pa mtengo kupaki. Ndipo pa matabwa aja muwonjezerepo mzere wa osamala bwalo, ndi utoto wagolide womwewo.

Njira ilipo. Lamulo la 1999 loteteza zinthu zakale ku South Africa, ndime 34, limaletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo. Iyi inazipitirira kalekale. Kalata yanga yotsutsa ndalemba kale, ikudikira masiginecha.

Inu muli kumudzi musati izi n'za ku Joni. Zomba Gymkhana Club ndi Limbe Country Club zinamangidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo amene ankameta kapinga ndi kuperekera zakumwa kumeneko ndi agogo athu. Ku Blantyre tinazolowera kuti nyumba ikakalamba aijambule nyenyezi yofiira. Alipo amene amayamba wafunsa kuti m'nyumbamo munadutsa ndani?

Madala aja akuti kalabu ikatsekedwa abwerera ku Mzimba. Ndinawafunsa chimene adzatenge. Anati palibe, zonse n'za eni ake. Kenaka anawerama n'kuzula kaudzu kena kamene kanamera molakwika m'mphepete mwa bwalo.