Mbozi ya kabichi sidzatha ndi kabotolo kopanda dzina

Ogasiti akamatha, kutentha kukamayamba, alimi a m'madimba a kwa Mfumu Yaikulu Mwambo ku Zomba amalowa m'nkhondo yomwe ambirife sitiiona, timangoona kabichi atafika pa benchi. M'mbali mwa mtsinje wa Likangala, kutsikira cha ku Kachulu, masamba a kabichi, repu, tchainizi ndi mpiru amayamba kuoneka ngati wina wawabayabaya ndi singano. Pakapita sabata ziwiri amakhala ngati sefa. Mlimi amathamangira kumsika kukagula mankhwala n'kupopera. Mbozi zikapanda kufa amaonjezera muyezo. Zikakanabe amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu mu sipuleya imodzi. Ine ndikuti mpikisano umenewu mlimi sangaupambane, ndipo amene akuvulala nawo si iye yekha.

Tiyambe tamudziwa mdaniyo. Mukafufuza pa Google za agulugufe owononga kabichi, zithunzi zambiri zomwe zimabwera n'za gulugufe woyera wa ku Ulaya. Kuno kwathu wotisautsa kwambiri si ameneyo ayi. Ndi kagulugufe kotuwa, kosapitirira sentimita imodzi, komwe akatswiri amakatchula diamondback moth chifukwa cha mawanga a pamsana pake. Masana kamabisala m'masamba, kamayamba kuuluka dzuwa likamalowa. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 100, aang'ono zedi moti kuwaona mpaka uyang'anitsitse. M'mazirawo mumatuluka timbozi tobiriwira tomwe timadya tsamba kuchokera kunsi, n'kusiya kachikopa kopyapyala pamwamba ngati kawindo. Mukakakhudza kambozi kameneka kamaphiriphitha n'kudzigwetsa, kali lende pa ulusi ngati kangaude. Kukatentha, kuchoka pa dzira kufika pa kagulugufe kena koikira mazira zimangotenga sabata ziwiri kapena zitatu basi. Mvula yamphamvu imapha tambiri, n'chifukwa chake vutoli limakula m'chilimwe, nyengo yeniyeni ya dimba.

Kuswana mofulumiraku ndiye pagona nkhani. Mukapopera, pamatsala timbozi tochepa tomwe mankhwalawo sanatiphe. Timeneto ndi tomwe timakula n'kuswana, ana ake n'kutengera kulimba kwa makolo. Kabichi amakhala m'munda pafupifupi miyezi itatu, ndiye werengani nokha mibadwo yomwe imadutsa pa dimba limodzi, uliwonse wouma mutu kuposa unzake. Izi sizinayambe lero. Mu 1953 ku Java, m'dziko la Indonesia, kachirombo komweka kanakhala koyamba mwa tizirombo ta mbewu kupezeka kuti sikakufanso ndi DDT. Cha m'ma 1990 ku Hawaii kanakhalanso koyamba kupima mphamvu mankhwala a Bt m'minda. Mu 2012 akatswiri anawerengera kuti padziko lonse kamawonongetsa ndalama zapakati pa 4 ndi 5 biliyoni ya madola a ku America chaka chilichonse. Ndiye kanthu kozunguza mitu makampani akuluakulu a mankhwala kangagonje ndi kabotolo kogula pansi pa mtengo tsiku la msika, eti?

Kabotolo kameneka nonse mukukadziwa. Wogulitsa amatenga botolo lalikulu n'kugawa m'timabotolo ting'onoting'ono topanda pepala, topanda dzina, topanda tsiku lothera mphamvu. Mlimi amangouzidwa pakamwa kuti "awa ndi saipa" kapena "awa ndi amphamvu zedi, thirani zivindikiro ziwiri". Sadziwa ngati asungunulidwa ndi madzi. Sadziwa kuti adikire masiku angati asanakolole. Chonsecho dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizirombo la mu 2000, lomwe linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti lizionetsetsa kuti mankhwala ndi olembetsedwa, ali ndi malangizo ake, ndipo wogulitsa ali ndi chiphaso. Lamulo lilipo, koma pa msika wa kumudzi silioneka.

Mlimiyo sindingamuloze chala msanga. Anthu a ku Mwambo awona zakuda m'zaka zapitazi: nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, namondwe Freddy anakokolola minda mu Malichi 2023, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu zoitanitsa kunja n'kukwera mtengo, mu 2024 kunabwera ng'amba. Chimanga chikakanika, nsomba zikasowa, dimba ndiye banki ya pakhomo. Fizi imachoka pamenepo, sopo pamenepo. Munthu woteroyo mukamuuza kuti agule botolo lathunthu kusitolo yovomerezeka, akuyankhani kuti ndalama yake ikukwana kabotolo kang'ono komweko. Ndipo sakunama.

Koma taonani komwe mankhwalawo amathera. Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Zomwe Likangala ndi mitsinje ina yanyamula zimakathera mommo. Cypermethrin, yemwe alimi amati saipa, ndi poizoni woopsa kwa nsomba ngakhale atachepa chotani. Munthu akatsuka sipuleya mu mtsinje kapena m'ngalande, akuseweretsa matemba, makumba ndi milamba zomwe m'bale wake wa ku Kachulu amadalira. Nyanjayi ili pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa mgwirizano wa Ramsar chifukwa cha mbalame ndi zamoyo zina, koma ine sindikufuna n'komwe kufika ku mbalame. Ndikunena za ndiwo.

Ndikunenanso za inu ndi ine. Kabichi wa m'madimba amakwera njinga mpaka mumzinda wa Zomba, amafika pa chiwaya cha tchipisi, amadulidwa n'kuikidwa pambali ngati saladi, wosaphika. Wophunzira wa ku Chikanda akamati "mundiwonjezereko saladi", safunsa kuti kabichiyu anapoperedwa liti komaliza. Ndipo tinene zoona, ogulafe tili ndi mbali yathu. Tikaona tibowo tiwiri pa tsamba lakunja timanyinyirika, timagwetsa mtengo, kapena kupita pa benchi ina. Mlimi amamva uthengawo bwinobwino: kabichi wosalala ndiye amayenda malonda, choncho popera mpaka tsiku lokolola litayandikira. Tsamba lakunja lobooka umangolichotsa, mkati muli bwinobwino.

China chomwe kupopera kosalekezaku kumachita n'kupha otithandiza. M'dimba muli akangaude ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi mwa kambozi, n'kukapha kuchokera mkati. Mankhwala opha chilichonse amayamba kumaliza amenewa, mbozi yolimba ija n'kutsala yokha pabwalo. Ku Kenya, bungwe lofufuza za tizirombo la icipe linamwaza mtundu wina wa timavu timeneti m'madera okwera olima kabichi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo alimi anachepetsa kupopera. Mtundu umenewo umakonda malo ozizira, pomwe chigwa cha Chilwa n'chotentha, koma ilipo mitundu ina yomwe imapirira kutentha. Funso langa kwa akafukufuku athu a ku Bvumbwe ndi ku LUANAR n'lakuti: ntchito ngati imeneyi idzafika liti m'madimba a ku Mwambo?

Podikira zimenezo, pali zomwe mlimi angachite lero, ndipo zambiri sizifuna ndalama koma maso. Nkhondo imayambira pa nazale. Mbande ikapita kumunda ili kale ndi mazira, mwadzala mbozi ndi manja anu. Kuphimba nazale ndi ukonde wa timabowo ting'onoting'ono, m'mbali mwake n'kukwirira ndi dothi, kumatsekereza kagulugufe kuti kasafike pa tsamba. Ku Benin akatswiri anayesa njirayi pa kabichi wa alimi ang'onoang'ono, ndipo zotsatira zomwe anasindikiza mu 2006 zinaonetsa kuti ukonde umateteza bwino kuposa kupopera. Apa ndichenjezeretu, poti ndikudziwa komwe maganizo ena athamangira: sindikunena neti yomwe mayi woyembekezera analandira kuchipatala. Kufupi ndi nyanja udzudzu si wamasewera, ndipo kupulumutsa kabichi mwana n'kudwala malungo ndi masamu olakwika. Ogulitsa zipangizo za ulimi ayambe kusunga ukonde wa m'munda n'kumagulitsa pa mita, alimi a m'kalabu imodzi azisonkherana.

Kenako kuyendera dimba. Kawiri pa sabata tembenuzani masamba, yang'anani kunsi ndi pamtima pa kabichi. Achinyamata amene muli ndi foni ya kamera, m'malo mongojambula za pa status, kulitsani chithunzi cha kunsi kwa tsamba, mazira ndi timbozi tongoswa kumene tioneka. Pa dimba laling'ono kutifinya ndi zala kumathandiza kwambiri tisanachuluke. Kuthirira ndi kheni pamwamba pa masamba chakumadzulo kumasokoneza kagulugufe nthawi yomwe kamaikira mazira. Mukakolola zulani zitsa zonse n'kuzikwirira. Zitsa zophukira zija ndi malo ogona mbozi podikira mbande zatsopano.

Pa kasinthasintha wa mbewu ambiri timadzinamiza. Kuchotsa kabichi n'kudzala repu, kuchotsa repu n'kudzala tchainizi kapena mpiru, si kusintha kumeneko. Zonsezi ndi banja limodzi ndipo mbozi yathu imadya zonse. Kusintha kwenikweni n'kuikapo anyezi, nyemba, chimanga chachiwisi kapena bonongwe. Ndipo poti madimba amakhala ogundizana, wina akapumitsa mnzake wa pambali akudzalabe, kagulugufe kamangodumpha mpanda. Nkhaniyi njofunika kukambirana pa kalabu kapena kwa a nyakwawa.

Za mankhwala a zitsamba ndinenepo mosakometsera. Nimu amathandiza: madzi a njere kapena masamba ake amachititsa mbozi kusiya kudya, ngakhale saipha pompopompo ndipo amafuna kubwereza. Ombwe naye alimi ambiri amamudziwa, koma kafukufuku wa m'Malawi muno anapeza kuti mitengo ina ya ombwe ilibe mphamvu yophera tizirombo ngakhale imafanana ndi inzake. Komanso ombwe wamphamvuyo amapha nsomba, ndiye zotsala zake zisatayidwe m'madzi opita ku Chilwa. Zikavutitsitsa n'kufunika mankhwala a kusitolo, akhale a botolo lolembedwa, muyezo wake womwewo, osabwereza mtundu umodzi nyengo yonse, ndipo masiku odikira musanakolole asadumphidwe.

Mu Disembala 2017, mbozi zitavuta m'chimanga, boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi, nduna n'kumayendera minda. Mbozi ya ndiwo zamasamba yakhala ikudya alimi a m'madimba chaka ndi chaka popanda wokweza mawu, mwina poti kabichi si nsima. A Pesticides Control Board, tikufuna tikuoneni pa Jali ndi misika ina ya kumudzi tsiku la msika, osangolanda timabotolo koma kukakamizanso makampani kuti azibweretsa timapaketi tating'ono, tolembedwa m'Chichewa, tomwe mlimi wa mabedi asanu angakwanitse kugula. A ofesi ya zaulimi ku Zomba, alangizi afike m'madimba mu Julayi nazale zikufesedwa. Akamafika mu Okutobala amapeza masamba ali kale sefa.