Fungo labwino la Khrisimasi lisatitengere maliro

Khrisimasi ikayandikira, mai aliyense afuna kuti alendo akalowa m'nyumba amve fungo labwino. Nyengo ya mvula ino siithandiza. Zovala siziuma bwino, zipupa zigwira cinyontho, ndipo m'cipinda mumveka fungo la cuku. Ndiye cifukwa cake ambiri athamangira ku sitolo kukagula zitini zopopera m'nyumba, zimene fungo lake likutha alendo asanamalize kudya.

Ife tikuti ndalama imeneyo isungeni. Disembala ndi mwezi wa fataleza wobereketsa, ndipo mu Januwale ana adzafuna yunifomu, nsapato ndi makope. Fungo labwino lili kale pakhomo panu. Tsirani lita imodzi ya madzi mumphika. Ikanimo makoko a mandimu awiri kapena a malalanje, masamba a mtengo wa mandimu odzaza dzanja, udzu uja wonunkhira umene timaika mu tiyi, ndi kacidutswa ka jinja kophwanya. Amene ali ndi sinamoni aonjezeko pang'ono. Madzi akawira, cepetsani moto kuti aziwira pang'onopang'ono, ndipo muziwonjezera ena akayamba kuphwa.

Cimene cinunkhira ndi mafuta amene ali pakhungu la cipatso. Finyani khoko la lalanje pafupi ndi dzanja, mudzaona timadontho tikutuluka. Nthunzi ndiyo inyamula mafuta amenewa ndi kuwafikitsa m'zipinda. Alimi amene ali ndi mitengo adziwa kuti malalanje acuruka m'miyezi yozizira. Caka ca mawa musataye makoko ake: ayanikeni, muwasunge m'botolo louma, adzakuthandizani mu Disembala.

Koma nkhani yaikulu imene tifuna owerenga athu aimvetse ndi ya moto. Mphika umenewu ufuna kukhala pamoto nthawi yaitali, ndipo ambiri a ife tiphikira pa mbaula. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo ngakhale mabanja a m'tauni anabwerera ku malasha. Mvula ikamagwa, munthu aganiza zolowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka citseko ndi mazenera kuti fungo lisathawe. Apa ndi pamene pali imfa.

Malasha akamayaka m'nyumba yotseka atulutsa mpweya wa poizoni umene madokotala aucha carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, ndipo ulibe fungo. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Mphuno yanu idzamva mandimu ndi jinja, koma poizoniyo sidzaimva. Ikalowa m'magazi iletsa magaziwo kunyamula mpweya wabwino. Munthu ayamba kumva mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka, kenaka tulo. Amene agona m'cipinda cotere, ena sadzukanso. Makanda, amai apakati ndi okalamba ndiwo ali pangozi kwambiri.

Conco mbaula ikhale panja kapena pakhonde pamene papita mphepo. Mphika ukawira bwino, uphuleni, mulowe nao m'nyumba wopanda moto, muuike pamalo okwera pamene ana sangafike, pakuti madzi owira nawonso aocha. Nthunzi yake ikwanira. Ukazizira, kautenthetseninso panja. Wina akayamba kumva mutu kapena cizungulire pamene pali mbaula, mutulutseni panja msanga, tsegulani zitseko zonse, ndipo mupite naye ku cipatala. Musadikire kuti kuce.

Tinenenso kuti mphika wa mandimu sulowa m'malo mwa tsache. Yambani mwasesa, mwakolopa kapena kuzira, mwayanika mabulangete dzuwa likatuluka, ndipo nkhuku zogona m'nyumba zipezereni khola lake. Fungo labwino likhala m'nyumba yoyera.

Tipempha atsogoleri a mipingo, a magulu a amai ndi a makopaletivu a alimi kuti pa zilengezo za Sondo ndi pa misonkhano yao achuleko nkhani ya mbaula. Sicitenga mphindi ziwiri. Alendo abwere, amve mandimu pakhomo, adye, agone, ndipo m'mawa onse adzuke.