Bajeti Imafika Itapsa Kale

Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndipo tidauzidwa kuti mphamvu zapita ku anthu. Ine ndagwira ntchito m'boma zaka zokwanira zoti ndinene mosapsatira kuti m'makhonsolo ambiri bajeti imafika pamsonkhano itapsa kale. Makhansala amangoitanidwa kudzanunkhiza.

Papepala zonse n'zokoma. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku makomiti a khonsolo monga ya zaumoyo, ya maphunziro ndi ya zomangamanga. Komiti ya zachuma imasanja zonsezo kuti khonsolo yonse ivomereze. Koma tsiku la msonkhano likafika, chibuku cha bajeti chokhuthala ngati njerwa, cholembedwa m'Chingerezi cha maakauntanti, chimagawidwa m'mawa womwewo. Khansala amene walawirira pa kabaza awerenga nthawi yanji? Akaimika dzanja kufunsa za mjigo umene anthu ake adapempha, amamuyankha kuti malire a ndalama adaikidwa kale ku Lilongwe. Iye amakhala pansi mwamanyazi, wapampando n'kufunsa ngati pali wotsutsa. Zii!

N'zoona kuti ndalama zambiri zimachokera ku likulu zitalembedwa kale ntchito yake. Nanga zimene khonsolo imatolera yokha? Zimenezo ndi za mayi wogulitsa tomato amene amadula chiphaso tsiku lililonse pamsika wopanda chimbudzi chabwino, pomwe zinyalala zaunjikana ngati chulu. Sindidaonepo nkhani ya chimbudzi chake ikutenthetsa msonkhano monga imachitira nkhani ya maalawansi. Ikafika imeneyo, ngakhale amene amaodzera kumbuyo amadzuka, Chingerezi n'kubwera chokha.

Komabe sindingawasenzetse makhansala mlandu wonse. Tidawasankha mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo dziko lidakhala zaka 9 popanda khansala mpaka chisankho cha 2014. M'zaka zimenezo ife a m'maofesi tidazolowera kugamula tokha popanda wotifunsa, ndipo chizolowezicho sichidatichoke. Aphungu nawo adalowapo: thumba la chitukuko cha m'madera awo, CDF, lidayamba mu 2006, ndipo mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti azivota m'khonsolo. Khansala, amene amakumana ndi anthu pamaliro ndi kuchigayo, adasanduka kamwana m'nyumba yakeyake.

Anzanga ena amati makhansala ambiri sukulu idawachepera, choncho kuwapatsa mapepala msanga n'kutaya nthawi. Bodza! Munthu amene amadziwa mtengo wa thumba la simenti ndi malata angathe kuona kuti mlatho wa matabwa wakwera mtengo mopitirira muyeso, bola manambala awaone m'chilankhulo chake. Mwina n'zimenezo zimene tikuopa.

Mapepala a bajeti atumizidwe kwa makhansala kukadali masabata awiri. Chidule chake chilembedwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chilankhulo china cha deralo, chimatidwe pamsika, pachipatala ndi pabwalo la mfumu, chosonyeza ndalama zimene zatoleredwa pamsikapo ndi kumene zapita. Tsiku la msonkhano lilengezedwe pa wailesi ya m'deralo, ndipo mabenchi a anthu wamba aikidwe m'chipindamo, osati panja pa windo.