Mlendo akapita, labu isatsekedwe

Dzulo mu minibasi ya ku Lubuto, mwana wa sukulu anandionetsa buku lake la sayansi. Zonse anangojambula cabe, mu labu sanagwirepo ngakhale botolo limodzi.

Mu 2005 a JICA a ku Japan anayamba kuthandiza aphunzitsi a sayansi ku Central Province kuti aziphunzitsana okhaokha. Mu 2008 nchitoyi inafika kuno ku Copperbelt. Koma thandizo la mlendo lili ndi tsiku lothera.

Manje ndalama tili nazo pafupi. Mu 2022 CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse. Ine nikuti, pa msonkhano wa wadi tifunse kuti zingati zipita ku labu. Tikakhala zii, ana athu azapitiliza kujambula.