Wosokonezeka mutu si mbava

Inu amayi ndi abambo, mwana wa pamudzi panu akasokonezeka mutu, n'kuyamba kugenda anthu pamsika kapena kuyendayenda ndi cikwanje m'manja, mumathamangira kuti? Ambiri timathamangira kupolisi, poti cipatala cili kutali. Wapolisi amabwera ndi zimene anaphunzira: kulamula, ndodo, unyolo ndi mfuti. Akakuwa kuti "gona pansi!" wodwalayo samva. Si mwano ayi. Mwina ndi malungo okwera kumutu, khunyu, camba kapena misala yakale. Basi ndodo yatsika.

Coopsa kwambiri ndi kumugoneka cafufumimba n'kumukhalira pamsana. Cifuwa cimalephera kukoka mpweya. Munthu akamaphiriphitha kuti apume, omugwira amayesa akulimbana nawo, n'kuonjezera mphamvu.

Zoterezi zinacitika ngakhale ku London mu 2010. Olaseni Lewis, mnyamata wa zaka 23, anagonekedwa m'cipatala ca odwala misala. Apolisi 11 anamupanikizira pansi nthawi yaitali mpaka anakomoka, ndipo anamwalira patapita masiku ocepa. Makolo ake sanakhale cete. Anagwirana manja ndi phungu wa dera lawo, ndipo mu 2018 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inavomereza lamulo lokakamiza zipatala zotere kulemba m'buku nthawi iliyonse imene wodwala wagwiridwa mwamphamvu.

Kuno ku Moçambique, ndime 40 ya Malamulo Aakulu a dziko a 2004 ikuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala ndi moyo ndipo isazunzidwe kapena kucitidwa nkhanza. Ndimeyi sinapatule wamisala. Ifenso tisadzipatule: zingwe zomangira wodwala pamtengo nthawi zambiri zimacokera m'nyumba zathu.

Mukaitana apolisi, auzeni msanga kuti munthuyo ndi wodwala. Cotsani gulu la oonerera. Alankhule naye m'modzi, amene amamudziwa, mofatsa. Pemphani kuti apite kucipatala, osati m'citokosi. M'bale wanu akamenyedwa, kamuyezetseni kucipatala, kenako kadandauleni kwa Procurador wa distrito. A IPAJ amathandiza osauka pa milandu popanda malipiro.

Ofuna voti yanu akafika pabwalo la mfumu, afunseni: kodi wodziwa matenda a m'mutu amafika kangati pa cipatala cathu? Mankhwala ake alipo? Nanga apolisi a posto yathu anaphunzitsidwa kugwira wodwala osamupweteka?