Anakanganirapo liti mtengo wa thonje?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, ndiye amene mumadikira nkhani ya chikondi mundikhululukire. Ndikulemba ndili kwathu kuchigwa, kumene dzuwa likakwiya nkhuku zimangoyasama kukamwa pansi pa nkhokwe.

Malume anga ndi mlimi wa thonje cha ku Ngabu. Sukulu sanapite nayo patali, koma wailesi sinkachoka pakhutu pawo. Mu Epulo 1992 anamva kuti munthu wina dzina lake Chakufwa Chihana wamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe akungotsika kuchokera ku Lusaka, ati chifukwa chonena kuti dziko lino likufunika zipani zambiri. Chimene chinawakhudza malumewo si kumangidwako ayi, anthu ankamangidwa tsiku ndi tsiku nthawi imeneyo. Chinawakhudza n'chakuti munthuyo anali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, mlembi wamkulu wa SATUCC, bungwe la apantchito a m'maiko a kumwera kwa Africa kuno. Mwezi wotsatira ogwira ntchito ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, sitalaka inafalikira, apolisi anawombera, anthu ambirimbiri anafa. Malume amati atamva zimenezo anawerengera chamumtima: amene akuomba nsalu uko akuomba thonje langa, ndiye nkhondo yawo ndi yanga, ndipo Chihanayu ndi wathu. Munthu wa ku Rumphi, sanamuonepo n'kamodzi komwe, koma wathu.

Kumbukirani mawu amenewo, "wathu", chifukwa ndi amene ndikufuna tikambirane.

M'mabuku a ndale muli zipani zimene amazitcha za kumanzere. Tanthauzo lake n'losavuta: chipani choima ndi wolembedwa ntchito osati wolemba, ndi mlimi osati wogula mbewu, chonena kuti chuma cha dziko chisaunjikane m'manja mwa anthu ochepa. Kuno kwathu zipani zotere n'zowerengeka. Panali LESOMA, chipani cha sosholizimu cha Amalawi othawa kwawo, chimene mtsogoleri wake Attati Mpakati anaduka zala ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, kenako n'kuphedwa ku Harare mu 1983. Chimenecho sindichiimba mlandu wambiri, chinkasakidwa ngati nyama, ngakhale kuti othawawo nawonso anali m'timagulu, ena kwa Mpakati, ena kwa Orton Chirwa, ena kwa Kanyama Chiume. Chipani chimene chinafika pano pamudzi, n'kuima pachisankho, chili ndi fungo la apantchito, ndi AFORD. Ndiye tiyeni tichiyang'ane bwinobwino mmene chinadzidyera chokha.

Mu 1994 AFORD inapeza aphungu 36. Mu 1999, 29. Mu 2004, asanu ndi mmodzi. Mu 2009, mmodzi yekha basi. Palibe amene anachiletsa chipanichi, palibe amene anachitumizira bomba m'kalata. Nanga chinadyedwa ndi chiyani?

Chisankho cha 1994 chitangotha, a Chihana anagwirana chanza ndi MCP, chipani chomwe iwo eni anachitcha cha imfa ndi mdima. Miyezi itatu isanathe bwino, mu Seputembala, analowa m'boma la a Muluzi n'kukhala wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, mpando womwe anachita kuwasemera. Mu 1996 anatuluka akudandaula za katangale, koma nduna zina za AFORD zinati ife sitichoka, galimoto yatizolowera. Chipani n'kung'ambika. Mu Julayi 2002, bilu yofuna kuchotsa malire a zaka zolamulira mtsogoleri wa dziko inabwera m'Nyumba ya Malamulo kudzera mwa phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. Taganizani, chipani chobadwa chifukwa chokana pulezidenti wamuyaya! Mu 2003 a Chihana anabwereranso pampando uja wa wachiwiri kwa wachiwiri, okwiya n'kutuluka kukayambitsa MGODE. A Chihana anamwalira mu 2006, koma matendawo sanalowe nawo m'manda. Mu 2018 AFORD inachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina n'kusankha Enock Chihana, wina Frank Mwenifumbo, nkhani n'kukathera kukhoti. Atambala awiri kulimbirana khola lomwe munatsala nkhuku zosakwana n'zala za dzanja limodzi. Ndipo mu 2025 mwana wakhala pampando womwe uja bambo ake anakhalapo kawiri.

Tsopano funso langa kwa inu ndi ili, ndipo ndikufuna yankho, osati zithunzi zoseka m'makomenti. Pa mikangano yonseyi, ndi uti umene unabuka chifukwa cha mtengo wa thonje? Ndi tsiku liti akuluakulu a chipani anamenya tebulo, ena n'kutuluka m'chipinda, chifukwa chosiyana maganizo pa malipiro a wodula nzimbe, kapena pa malo a anthu amene minda yawo yazunguliridwa ndi maesiteti? Zaka zomwezo boma linali kalikiliki kugulitsa makampani ake, David Whitehead yomwe ija inagulitsidwa mu 2003, chaka chomwe mtsogoleri wa apantchito ankabwerera m'boma. Ndionetseni gulu limene linachoka m'chipani chifukwa cha zimenezo. Ndidikira.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba. Woyamba anena kuti, "Aise, AFORD ndi ya ku Mpoto, iwe Msena ikukukhudza pati?" Zikomo kwambiri, mwandithandiza kufotokoza matendawo. Mu 1994 chipanichi chinatenga mipando yonse ya ku Mpoto, kuno kummwera osapeza ngakhale umodzi. Chipani cha apantchito chingalephere bwanji kumera mizu ku Nchalo, kumene anthu zikwizikwi akhala akudula nzimbe kuyambira m'ma 1960? Chingasowe bwanji ku Bangula, ku Ngabu, kwa asodzi a m'dambo la Elephant Marsh? Chinasowa chifukwa atsogoleri anaona kuti kuwerenga anthu ndi chigawo n'kosavuta kusiyana n'kuwawerenga ndi thukuta. Mavoti a chigawo umawanyamula m'thumba n'kupita nawo kwa wamkulu aliyense amene wapambana, n'kusinthanitsa ndi unduna. Mavoti a apantchito sanyamulika choncho, eni ake amafunsa mafunso.

Wachiwiri anena kuti zipani zonse padziko zimakangana. Zoona. Koma zimakanganira chiyani? Inu a ku Joni mukukumbukira mu 2014 pamene NUMSA, bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo, linachotsedwa mu COSATU litakana kuchitira kampeni ANC, likunena kuti mfundo za boma pa chuma zikupweteka apantchito. Sindikuti zinawathera bwino, chipani chimene anayambitsa sichinapeze mpando ngakhale umodzi mu 2019. Koma wogwira ntchito wa ku Germiston ankadziwa chimene akuluakulu ake akukanganira, ndipo ankatha kusankha mbali. Malume anga akanasankha mbali iti mu 2018? Kusiyana kwake kunali kotani, kupatula nkhope?

Wachitatu, amene amawerengako mbiri, anena kuti a MGODE anachoka pa mfundo, ankakana teremu yachitatu. Ameneyu ndimupatsa ulemu wake, akunena zoona. Koma tsatirani nkhaniyo mpaka kumapeto. Chisankho cha 2004 chitangotha, MGODE inasainirana mgwirizano ndi UDF yomwe ija. Mfundoyo inakhala chaka chimodzi.

Pano ndiye ndifike pakhomo pathu, chifukwa n'kosavuta kuloza chala ku Mzuzu uli ku Nsanje. Ife a kuchigwa tilibe pakamwa poseka anzathu. Tinali ndi Mbuya, a Gwanda Chakuamba. Sindikuti iwo anali a kumanzere ayi, munthu amene anatsogolerapo a Payoniya sangatchedwe choncho, ngakhale anakhala m'ndende ya Kamuzu zaka 13 kuchokera mu 1980. Koma mu 1999 njira ziwirizi zinakumana: Mbuya kuimira upulezidenti, a Chihana wachiwiri wawo. Malume amati chaka chimenecho anavina mpaka fumbi kulowa m'makutu. Mwana wa kuchigwa ndi mtsogoleri wa apantchito papepala limodzi! Anapeza mavoti 45 pa 100 alionse, kutsala pang'ono.

Ndiye chinatsatira n'chiyani? Kusankha a Chihana kunakwiyitsa a John Tembo. Mu 2000 MCP inachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre, wina ku Lilongwe, ndipo maloya anadya bwino. Mu 2003 a Tembo anatenga chipani. Mbuya anatuluka n'kuyambitsa Republican Party, ife tonse m'mbuyo mwawo ngati anapiye. Mu 2004 anaima pansi pa Mgwirizano Coalition, chipani chawo n'kupeza aphungu 15, ambiri a kuno. Analengeza kuti awabera chisankho, achinyamata anapita m'misewu ya Blantyre, ena anafa. Patangopita masiku owerengeka Mbuya anagwirana chanza ndi a Muluzi. Mu 2005 anakhala nduna ya zamalimidwe m'boma la a Bingu, chaka chisanathe anachotsedwa, n'kuyambitsanso china, New Republican Party, pamene Republican Party yakale inatsala ndi a Stanley Masauli. Zipani zitatu m'zaka zitatu, ndipo ife nsalu tinkangosintha.

Pa zaka zonsezo, pitani pa Mtayamoyo mukaone. Madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, njanji ndi msewu womwe, ndipo ana amene anabadwa chaka chimenecho anakula, kukwatira, kubereka, akuwoloka pabwato kupita ku Makhanga. Tinali ndi munthu amene anatsala pang'ono kulowa ku Sanjika. Tinalibe chipani. Chipani chikanakhalapo, chokhala ndi nthambi ku Makhanga, ku Muona, ku Fatima, nkhani ya njira imeneyo ikanakhala pa ajenda ya msonkhano uliwonse, mtsogoleri afune asafune. Koma chipani chinali munthu, ndipo munthuyo atamwalira mu 2016 tinangoyang'anayang'ana kuti Mbuya wina atulukira kuti.

Musandimve molakwa, akuluakulu. Sindikunyoza kulimba mtima kwa a Chihana. Kutsika ndege uja ukudziwa kuti apolisi akukudikira pansi si masewera, ambiri a ife timaopa ngakhale kulemba dzina lathu lenileni pa Facebook. Anatuluka m'ndende patangotsala masiku awiri kuti tivote pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo ufulu umene ndikulembera nkhani ino uli ndi thukuta lawo. Koma kulimba mtima kwa munthu mmodzi si chipani. Ku Zambia anaona zomwezo: Frederick Chiluba anachokera ku mabungwe a apantchito, analowa m'boma mu 1991, anagulitsa migodi, ndipo MMD inadzang'ambika mu 2001 pa nkhani ya teremu yachitatu, osati pa nkhani ya ogwira ntchito m'migodi amene anachotsedwa.

Mukafuna kudziwa chifukwa chake mikangano yathu imakhala ya mipando yokhayokha, funsani kuti msonkhano waukulu amalipira ndani. Mamembala sasonkha kanthu. Amene ali ndi ndalama ndi amene amatumiza mabasi, kulipira malo ogona, kugawa maenvulopu usiku. Nthumwi imene yadya nsima ya munthu ingaimirire n'kumufunsa za mtengo wa thonje? Akapezeka olemera awiri, misonkhano imakhalanso iwiri, nkhani yake ndi yomweyo basi. Ndipo inu ndi ine, ophunzirafe, timathandizira. Timalemba ndakatulo zotamanda, timatcha anthu ngwazi, mkango, Mose, chipulumutso cha chigawo. Ndani wa ife anapemphapo malamulo a chipani chake kuti awerenge? Ndani anafunsapo kuti nthambi ya m'mudzi mwake inakumana liti komaliza popanda mlendo wobwera ndi ma T-shirt?

Chondipweteka n'chakuti chigwa chino chimadziwa kulimbana pa nkhani yeniyeni. M'ma 1950 agogo athu anakana lamulo la atsamunda lowakakamiza kulima mitumbira, ndipo sanadikire munthu wa galimoto kuti awauze zoti nthaka yawo amaidziwa okha. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Lero madzi akutisesa chaka ndi chaka, 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, tikugona m'makalasi ndi m'matenti, koma nkhani imene imatenthetsa magulu athu a WhatsApp ndi yakuti ndani wa kuchigwa apatsidwe unduna.

Sabata yatha ndinapita kukawaona malume. Maso ayamba kuchita khungu, wailesi ikadali pakhutu. Thonje anachepetsa, akuti ogula amabwera ndi sikelo yawo ndi mtengo wawo, iwe ntchito yako n'kuvomera, ndiye mbali ina ya munda anabzala chitowe. Ndinawafunsa ngati akukumbukira zoti Chihana ankamutcha wathu. Anaseka, n'kunena kuti, "Mphwanga, ine ndinkati wathu chifukwa cha ntchito yake. Anzanga ankati si wathu chifukwa cha kwawo. Kenako ndinaona kuti iyenso akuwerenga ngati anzangawo." Atatero anandituma ndikawatengere mabatire kugolosale, nkhani za 6 koloko zinali pafupi.