MAGAZI A WANTCHITO SADIKIRA GALIMOTO YA BWANA



Mwezi uno tifuna kuika pamaso panu nkhani ya anthu athu amene avulala pa ntchito, pamalo popanda ngakhale kansalu koyera komangira bala. Tonse tidziwa kumene ana athu apezera ndalama. Ena aswa miyala ndi kuotcha laimu ku mapiri a Chenkumbi, ena ali pa makina ochotsa njere m'thonje, ena m'maesiteti a fodya, ena m'zigayo, pocheka matabwa ndi pomanga misewu. Ntchito zonsezi zili ndi mano. Lamba wa chigayo agwira dzanja, laimu alowa m'maso, mankhwala opopera thonje alowa m'thupi, ndipo njoka siifunsa ngati munthu ali pa tikiti kapena pa ganyu.

Tsono taganizani. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, ndipo cha Balaka chili paboma. Munthu wovulala kwambiri ku Chikweo, ku Nayuchi kapena ku Utale ayamba wanyamulidwa pa njinga kupita ku chipatala chaching'ono, ndipo kumeneko adikira galimoto. M'dzinja misewu yathu muidziwa. Koma munthu amene mtsempha waukulu waduka angathe kutha magazi m'mphindi zochepa. Moyo wake uli m'manja mwa amene aima pafupi naye nthawi yomweyo. Ngati mnzakeyo anaphunzitsidwa, munthu achira. Ngati sanaphunzitsidwe, tikumba manda, ndipo bwana atumiza thumba la ufa kumaliro kuti timutame kuti ngwachifundo.

Ife tikana chifundo chotere, pakuti lamulo lilipo. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act. Lamulo limeneli linaika pa mapewa a mwini malo a ntchito udindo wokhala ndi bokosi la chithandizo choyamba, losungidwa poti anthu angathe kulifika msanga. M'chaka cha 2000 kunabwera lamulo la chipukuta misozi, Workers' Compensation Act, lonena kuti wovulala pa ntchito alipidwe. Ndipo m'chaka cha 2019 dziko la Malawi linavomera mapangano a bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la ILO. Pangano la nambala 155 linena kuti olemba ntchito akonzekere ngozi ndi kukonza chithandizo choyamba chokwanira, ndiponso kuti wantchito asalipire kanthu pa zomuteteza. Pangano la nambala 184 ndi la ntchito za kumunda.

Tsono mabwana ayankha chiyani? Mayankho awo tawamva, ndipo ali atatu.

Loyamba ati, "Awa ndi aganyu chabe, si antchito anga." Kodi magazi a waganyu ndi madzi? Pangano la 184 lija linena poyera kuti wantchito wa nyengo ndi wa masiku ochepa atetezedwe mofanana ndi wantchito wokhazikika. Amene adya phindu la thukuta la munthu asenzenso bala lake.

Lachiwiri ati, "Ndalama palibe." Ndalama yogulira feteleza ilipo, ya mafuta a galimoto ilipo, ya mlonda wolondera katundu usiku ilipo. Itha pokhapokha pamene tifika pa mabandeji, thonje la pabala, sopo, lumo ndi ndowa ya madzi oyera. Bwana amene asunga matayala apadera a thirakitala koma alibe bandeji watiuza yekha chimene chili cha mtengo pamaso pake.

Lachitatu ati, "Tikaika bokosi adzaba mankhwala." Chifukwa chake bokosi likhala lokhoma mu ofesi, ndipo kiyi ali m'thumba la kalaliki amene wapita ku Liwonde. Bokosi lotere lili ngati chitsime chokhala ndi chitseko pa nthawi ya moto. Mankhwala a nkhani imeneyi ndi kusankha wantchito wokhulupirika, kumphunzitsa, ndi kulemba dzina lake pakhoma kuti aliyense adziwe woitana.

Pakuti bokosi lokha silichiza munthu. Chofunika koposa ndi maphunziro, ndipo ophunzitsa alipo. Bungwe la Malawi Red Cross, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo m'chaka cha 1966, liphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo a St John Ambulance achitanso chimodzimodzi. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela atiuza kuti ngakhale eni migodi, amene sanatikonde konse, anaphunzitsa antchito kumanga mabala ndi kunyamula ovulala. Kodi bwana wa m'dziko la ufulu, mwana wa kuno konkuno, alephere chimene mwini mgodi anachita?

Munthu wophunzitsidwa adziwa kuti pa bala lotuluka magazi apanikiza zolimba ndi nsalu yoyera osaleka. Adziwa kuti wopsa amthira madzi ozizira mphindi 20, osapaka dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Adziwa kuti laimu akalowa m'diso atsuka ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Wothiridwa mankhwala a thonje amvula zovala ndi kumsambitsa, osamsanzitsa, ndipo botolo la mankhwalawo apita nalo kuchipatala kuti adokotala aone poizoni wake. Wolumidwa ndi njoka samtema mphini pabalapo kapena kummanga chingwe cholimba. Amgoneka chete ndi kumnyamula. Zimenezi munthu aziphunzira masiku owerengeka, ndipo wolipira ndi bwana, pa nthawi ya ntchito, osadula malipiro.

Nafenso, abale, tileke chizolowezi chonena kuti ngozi ndi tsoka kapena kuti wina wamulodza. Pamene tikangana kufuna mfiti m'mudzi, bwana apuma bwino, pakuti palibe amene amfunsa za lamba wa makina wopanda chotchinga. Makolo athu anapirira thangata, ndipo ana awo apirira utenanti m'maesiteti kufikira lamulo linauthetsa m'chaka cha 2021. Zonsezi zinatha chifukwa anthu analankhula.

Chifukwa chake komiti ipempha nthambi iliyonse kuti isanafike msonkhano wa mwezi wamawa isankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, oti ayendere malo onse a ntchito a m'dera lawo. Apite mwaulemu, adziwitse amfumu, ndipo afunse mafunso anayi. Bokosi lili kuti? Muli chiyani m'katimo? Anaphunzitsidwa ndani, ndipo alipo lero? Munthu akavulala apita bwanji kuchipatala? Mayankho alembedwe m'kope, pamodzi ndi tsiku, ndipo aperekedwe kwa mlembi. Dzina la wantchito amene watiuza kanthu lisalembedwe, kuti angachotsedwe ntchito. Bwana amene wakonza zonse tidzamthokoza pamsonkhano. Amene akana, kalata yathu idzapita ku ofesi ya zantchito paboma, ndipo tidzabwererako kufikira atayankha.

Wina asanene kuti ine ndilima munda wanga, za pa esiteti sizindikhudza. Mawa ndi mwana wanu adzapita kukafuna ganyu ya ndalama ya sukulu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bwerani nawo makope anu pamsonkhano.

Ndife anu pa ntchito ya anthu,
Mlembi wa Nthambi